Za Phunziro la Nyengo ya Masika m'Sukulu za ku Minda ya Tiyi ku Thyolo

Pakati pa maphunziro onse amene mwana wamng'ono alandira m'kalasi yoyamba, palibe lina looneka lopepuka ngati phunziro la nyengo. Mphunzitsi safuna chipangizo chogula; angoloza kunja kwa khomo, ndipo phunziro lili pomwepo. Komabe m'boma la Thyolo, kumene minda ya tiyi iyala m'zitunda ndi m'zigwa ngati mphasa yobiriwira, phunziro limeneli lakhala losokonekera kwa zaka zoposa 100, ndipo kusokonekerako kuli ndi mbiri yake imene wophunzira uphunzitsi ayenera kuidziwa. Chiyambi chake ndi ichi, chakuti mwana wa ku Thyolo akula pakati pa mawerengedwe atatu a chaka amene sagwirizana: pali chaka cha m'buku, chaka cha kumunda, ndiponso chaka cha tiyi.

Chaka cha m'buku chinachokera ku Ulaya. M'chaka cha 1840, mphunzitsi wa ku Germany dzina lake Friedrich Froebel anatcha sukulu yake ya ana aang'ono dzina lotanthauza munda wa ana, pakuti iye anakhulupirira kuti mwana aphunzira bwino pogwira zinthu, posewera, ndi poyang'anira zomera. Maganizo amenewa anafika ku England ndi ku Scotland, ndipo m'sukulu za ana aang'ono za kumeneko munabadwa mwambo woika tebulo pakona ya kalasi, pamene ana anasanjikapo zimene anatola m'njira: masamba, zipatso, nthenga, njere. Tebulolo linadzala kwambiri m'nyengo imene Angerezi aitcha autumn, ndiyo miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala. M'miyezi imeneyo usana ufupika, mphepo iyamba kuzizira, tirigu akhala atakololedwa, ndipo masamba a mitengo yambiri asanduka ofiira ndi achikasu, nayoyoka, mitengo nitsala yopanda kanthu kufikira chisanu chitapita. Popeza sukulu za ku England zitsegulira chaka chawo mu Seputembala, phunziro la masamba oyoyoka ndilo lilonjera mwana pakhomo la sukulu. Ndi phunziro labwino ndithu kwa eni ake, chifukwa chimene mphunzitsi anena ndicho chimene mwana aponda ndi mapazi ake.

Amishoni amene anatsegula sukulu m'dziko muno anakulira m'mwambo umenewo. A mpingo wa Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo ku Thyolo kwenikweni a Seventh-day Adventist anagula malo ku Makwasa mu 1902, amene pambuyo pake anatchedwa Malamulo, kumene kunaphunzitsidwa aphunzitsi ambiri a sukulu za m'midzi yozungulira. Mabuku oyamba owerenga anali a Chinyanja, koma mwana akangoyamba Chingerezi anakumana ndi nyengo zinayi za ku Ulaya, ndipo panafunika kuzimasulira. Apa ndipo panalowa vuto. Omasulira anafunafuna mawu ofanana, napatsa autumn dzina lakuti masika, popeza nyengo ziwirizi ndi za kukolola. Kufanana kwake kuthera pomwepo. Masika a kuno agwa mu Epulo, Meyi ndi Juni. Pamene mwana wa ku England atola masamba ake mu Okutobala, mnzake wa ku Thyolo ali m'kati mwa chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, akulu akusosa ndi kugalauza minda, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Chifukwa chake n'chodziwika: dziko lapansi lipendekeka poyenda mozungulira dzuwa, ndipo Thyolo ali kummwera kwa mzere wodula dziko pakati, pamene England ali kutali kumpoto kwake. Mawu akuti dzinja anavutika koposa, pakuti ena anawamasulira ngati nyengo ya chipale chofewa, chonsecho kwa Mmang'anja dzinja ndi nyengo ya mvula, ya matope, ya chimanga chofika m'chiuno.

Tsamba lofiira ndilo lionetsa bwino kukula kwa chisokonezocho. M'chithunzi cha m'buku, tsamba lofiira ndi tsamba lakufa, lotsala pang'ono kugwa. Kuno si tero. Munthu wotsika kuchokera ku Thyolo kulowera ku chigwa cha Shire mu Seputembala aona mitengo ya mombo itavala masamba ofiira ndi ofiirira, ndipo masamba amenewo ndi ongophuka kumene, anthete, amene mtengo uwatulutsa mvula isanagwe. Mtengo wa mango uli pabwalo la sukulu uchita chimodzimodzi: nsonga zake zanthete zifiira, kenaka zibiriwira. Chotero mtundu umene kwa Mngerezi ulalikira kutha kwa chaka, kwa mwana wa kuno ulalikira kuyamba kwake. Ndipo ku chigwa komweko kuli msangu, mtengo wamakani, umene uyoyola masamba m'dzinja mitengo inzake ikubiriwira, nubiriwira m'chilimwe inzake ili mbee. Mwana wouzidwa kuti masamba afiira nayoyoka m'masika angathe kuloweza mawuwo ndi kuwabwereza bwino pa mayeso. Koma m'mtima mwake mukhala mutalowa phunziro lina loopsa, lakuti za kusukulu ndi zina, za m'maso mwake ndi zina, ndipo pakatsutsana wolakwa ndi maso ake.

N'zochititsa chidwi kuti mpingo unapambana sukulu pa nkhani yomweyi. Mwambo wobweretsa zokolola m'tchalitchi, monga uchitikira m'mipingo ya Chingerezi, uwerengedwa kuti unayambitsidwa ndi mbusa Robert Hawker ku Morwenstow mu 1843, ndipo kwawoko uchitika mu Seputembala kapena Okutobala. Utafika kuno, Akhristu sanadikire Okutobala nkhokwe zitayamba kutsika. Anausunthira ku miyezi yokolola, nautcha masika, ndipo kufikira lero anthu anyamula chimanga, maungu, nkhuku ndi mitolo ya nzimbe kupita nazo ku tchalitchi pa nthawi yake yeniyeni. Chimene akulu a mpingo anachita mosavuta ndi dengu, mphunzitsi anachedwa nacho chifukwa choopa buku.

Chaka cha kumunda sichinadikire sukulu kuti chiphunzitse ana. Kale sukulu isanabwere, masika ndiyo inali nyengo ya maphunziro a ana aang'ono m'midzi ya Amang'anja ndi ya anansi awo. Njala ya Januwale ndi Febuluwale itatha, mondokwa ndi maungu zitabwezera mphamvu m'matupi, akulu akakolola, ana analoledwa kukunkha zotsalira m'minda. Ndi zokunkhazo anachita masanje: anamanga timisasa ta mapesi ndi udzu kunja kwa mudzi, nagawana maudindo, wina bambo, wina mayi, wina mfumu, wina fisi wodzaba ndiwo. Asungwana anasinja, napeta, naphika nsima yeniyeni m'timiphika. Anyamata anapita kokumba mbewa. M'masanjemo mwana anaphunzira kuyeza ufa ndi madzi, kugawa chakudya mofanana, kulankhula mwaulemu kwa mlendo, ndi kuweruza mlandu, popanda womuimirira ndi ndodo. Madzulo, banja likutong'ola chimanga, agogo anaponya ndagi ndi kusimba nthano. Amayi anafutsa masamba a nyemba, a khobwe ndi a maungu, nawayanika padzuwa, nawamanga m'zikwatu za masamba a msuku kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Ndipo kamwana koyang'anira mphasa kuti nkhuku zisafike kanali kataphunzira kale chifukwa chimene chouma sichiola. Froebel akanaona masanje akanawazindikira msanga. Koma aphunzitsi ambiri a masiku oyambawo, amene anali ndi ana ochuluka, masileti owerengeka, ndi pepala limodzi la alifabeti lopachika pakhoma, anayesa masanje chibwana choyenera kusiyidwa kunyumba.

Kukanakhala kuti nkhani ithera apa, mankhwala ake akanakhala apafupi: kuchotsa autumn, kuikapo masika a kumudzi. Koma Thyolo si mudzi wamba, pakuti pali chaka chachitatu.

Mbewu za tiyi zinayesedwa koyamba ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje. Ku Thyolo tiyi anayamba kubzalidwa mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Mu 1923 Maclean Kay anatsegula Satemwa, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 tiyi anali atalanda malo a fodya m'maesiteti ambiri a m'bomalo. Maina monga Naming'omba, Makwasa, Nchima ndi Conforzi anakhala maina a malo amene mwana aliyense awadziwa. Manja ogwira ntchitoyo ambiri anali a Alomwe, amene kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anaoloka malire kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique. Pofika kuno anapeza malo abwino ali m'manja mwa Azungu, ndipo analoledwa kumanga pa maesiteti pokhapokha atalola thangata. Lamulo la 1928 linakhazikitsa kuti wokhala pa malo a mwini alipire lendi, kaya ndi ndalama kaya ndi ntchito.

Tsono tiyi ndi chomera chosayoyola masamba. Abiriwira chaka chonse. Koma saphuka mofanana chaka chonse. Kuno mvula igwa nyengo imodzi, ndipo ku Thyolo igwa yochepa kuposa ku Mulanje, kotero kuti pafupifupi magawo anayi mwa asanu a tiyi yense wa pachaka athyoledwa kuyambira Disembala kufikira Epulo. Ndiko kunena kuti masika a tiyi agwa m'dzinja. Mwini esiteti anafuna manja ambiri m'miyezi yomweyo imene munda wa chimanga ufuna kubzala, kupalira ndi kubandira, imenenso nkhokwe ikhala itapsa pansi. Nsonga za tiyi sizidikira: zikapitirira masiku ake zikhwima, mtengo wake nutsika. Munda nawonso sudikira. Kulimbana kwa zaka ziwirizi ndiko kunali mtima wa thangata, ndipo munthu amene anapereka Januwale wake ku tiyi anakolola zochepa mu Meyi. Sir Sidney Abrahams, amene anatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo mu 1946, analangiza Boma kuti ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu. Njala ya 1949 inaonetsa kuchepa kwa nkhokwe za ku chigawo cha kummwera. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chinabuka ku Thyolo, chitayambira pa mkangano wa malalanje ku Mangunda. Ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Ana sanali kunja kwa zimenezi. Wolemba mbiri Robin Palmer, amene anafufuza za antchito a m'minda ya tiyi a zaka za 1930 kufikira 1953, anaonetsa kuti ana anali gawo lalikulu la ogwira ntchito m'maesiteti. Anapalira, anagwira ntchito m'nazale, anathyola tiyi. Ocheperapo msinkhu anatsala m'makomboni kulera makanda pamene amayi awo anali kumzere ndi mtanga kumsana, kudikira sikelo ya kapitawo. Chotero kalasi ya Sub A, monga inkatchedwa masiku amenewo, inapungulika m'dzinja nidzala m'masika, ndipo mphunzitsi wosazindikira analemba m'kaundula kuti ana a kuno ndi aulesi. Panalinso vuto la chilankhulo: mwana wolankhula Chilomwe kunyumba anaphunzitsidwa m'Chinyanja za nyengo za ku England. Anayenera kuoloka mitsinje iwiri asanafike pa tsamba limene linali m'dzanja lake.

Boma la atsamunda silinali losadziwa kuti sukulu yatalikirana ndi moyo wa mwana. Nthumwi za Phelps-Stokes, pamodzi ndi Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera Nyasaland mu 1924 ndi kudandaula za chimenecho. Mu 1926 kunakhazikitsidwa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi, kumene aphunzitsi osankhidwa anapita ndi akazi awo kukaphunzira kuyendera sukulu za m'midzi. Iwowa analimbikitsa munda wa sukulu, ntchito zamanja, ukhondo, ndi phunziro la chilengedwe lochokera pa zomera ndi nyama za pamalopo. Afirika ambiri ophunzira anakayikira chiphunzitsocho, poganiza kuti cholinga chake chinali kumangirira munthu wakuda ku khasu kuti asapikisane ndi Mzungu mu ofesi; ndipo kukayikako kunali ndi maziko, makamaka ku Thyolo, kumene kholo linaona mwana wake akulima munda wa sukulu mmawa atalima kale wa esiteti. Koma kwa ana a zaka zisanu ndi zisanu ndi chimodzi a Jeanes sanalakwe. Kuyamba ndi chitsononkho sikuletsa mwana kudzafika pa mapu a dziko lonse. Cholakwa chawo chinali china: mudzi umene anali nawo m'maganizo unali wa mlimi wokhala pa nthaka yake, wokhala ndi nkhokwe yake. Mwana wa m'komboni sanamuwerengere.

Ufulu utabwera mu 1964 mabuku anasintha, ndipo mu 1968 Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana nakhamukira m'makalasi oyamba kufikira ena kuphunzirira pansi pa mitengo. Lamulo la ntchito la 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Mu 2003 Boma linakhazikitsa ndondomeko yake ya maphunziro a mmera mpoyamba, ndipo sukulu za mkombaphala zinafalikira m'midzi ndi m'maesiteti. Ku Thyolo komweko, ku Amalika, kunatsegulidwa sukulu yosula aphunzitsi ya bungwe la DAPP. Koma autumn sanachoke. Anangosintha njira yolowera. Kale anabwera pa sitima. Tsopano abwera m'mabokosi a mabuku a mphatso ndi pa intaneti, kumene mphunzitsi wofunafuna zochita ndi ana apeza zithunzi za masamba ofiira ndi maungu osemedwa nkhope. Dzungu losemedwa nkhope, m'dera limene dzungu ndilo lipulumutsa banja mu Malichi, ndi chinthu chimene kholo silingachimvetse, ndipo kholo ndilo likhoza.

Chaka cha tiyi nachonso chikalipo, ndipo ndicho chofunika kuchisamala koposa. Pa kalembera wa 2018 boma la Thyolo linali ndi anthu oposa 700,000, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'maesiteti. Mabanja ambiri ali ndi kamunda kosakwana kuwadyetsa, ena alibe ndi komwe. Mvula ikatha, tiyi achepa, ndipo antchito olembedwa kwa nyengo achotsedwa. Kwa mwana wa banja lotere, Meyi si mwezi wa nkhokwe yodzala. Ndi mwezi umene malipiro aleka, kapena umene banja limanga katundu kubwerera kumudzi. Mphunzitsi wouza ana onse kuti mawa aliyense abweretse chimanga cha m'munda mwa kwawo achita bwino kuposa wophunzitsa za chipale chofewa, komabe adzapeza kuti ana ena sanabwere tsiku limenelo, osati chifukwa cha matenda.

Nanga tebulo la Froebel lingadzale ndi chiyani m'sukulu yotere, pa teremu yoyamba mu Epulo? Lidzale ndi zimene mwana aliyense angatole popanda kupempha kwa mayi ake. Zitsononkho zotayidwa ziwerengetsa ana kufikira khumi, ndipo zikavekedwa kansalu zisanduka zidole. Mapesi apereka magalasi a m'maso ndi timagalimoto, monga anyamata adziwira kale. Njere za nyemba, khobwe ndi chimanga zodzala dzanja limodzi, zochokera m'munda wa sukulu, zikwana kalasi yonse kusankhula ndi kufanizira kukula, mtundu ndi kusalala. Phesi la tsamba la dzungu liimba ngati lipenga. Dongo la kudambo likali lofewa m'miyezi imeneyi. Mfutso ungayanikidwe pabwalo la sukulu, ana nayang'ana tsiku ndi tsiku mmene masamba akhwinyatira ndi kupepuka. Masanje asowa kanthu kochepa, pakona ya bwalo ndi mphunzitsi wodziwa kukhala chete. Ndipo akaloledwa, ana a m'komboni adzaikamo zawo, wina nakhala kapitawo, wina kalaliki wa pasikelo, ena othyola tiyi ndi timadengu, pakuti umenewo ndiwo mudzi umene iwo audziwa. M'sewero limenelo muli masamu a kulemera ndi kupepuka oposa a m'buku loyamba. Maina a zinthu afunsidwe kwa ana eni ake, ndipo mwana wotchula chinthu m'Chilomwe cha agogo ake alembedwe mawu akewo pabolodi pambali pa a Chichewa.

Koposa zonsezi pali mitengo. Kalasi isankhe mtengo umodzi wa mango ndi chitsamba chimodzi cha tiyi cha m'mbali mwa njira, ndipo iziyendera sabata ndi sabata, mphunzitsi nalemba pa pepala lalikulu zimene ana aona. Mu Epulo tiyi akali ndi nsonga zanthete, masamba awiri ndi kamphukira pakati. Mu Meyi nsongazo zichepa, ndipo othyola aoneka apo ndi apo. Mu Juni ndi Julayi kufika chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ana afika akunjenjemera, ndipo phala likoma kuposa masiku onse. M'miyezi yomweyo amuna alowa m'minda ina ndi mipeni kudulira tiyi, ndipo munda umene unali wobiriwira usanduka zitsa zotuwa, pamene woyandikana nawo, umene chaka chake chodulira sichinafike, ukali monga unalili. Ana adzafunsa chifukwa chake munda uwu wataya masamba ndipo uwo sunataye, ndipo yankho lake si nyengo ayi, koma mpeni. Pamene sukulu itsekera, mango akhala atachita maluwa ndipo nandolo akuyamba kukhwima. Pepalalo lisachotsedwe pakhoma, pakuti ana obwera mu Seputembala adzapeza zitsa zija zitaphukanso, ndipo mzere woyamba umene iwo adzalembe udzakhala wa masamba ofiira.